Kalata yotseguka kwa akuluakulu a sitolo za zamasewera zotchipa zomwe zimagulitsanso mfuti

Akuluakulu,

Ndine kasitomala wanu, ndipo ndalama zanga mwadyako ndithu. Pa zaka khumi ndi ziwiri zomwe ndakhala kuno ku America, kumpoto kwa chigawo cha Indiana, nsapato za mpira za ana anga atatu ndakhala ndikugula kwa inu, jekete yanga yoyamba yolimbana ndi chisanu cha kuno ndinagula kwa inu, mbedza ndi nyambo zokawedzera ku mtsinje wa St. Joseph ndimatenganso kwa inu. Ndimabwera chifukwa mumatchipa. Munthu wogwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, amene kumapeto kwa mwezi amagawa malipiro ake pakati pa lendi ya kuno ndi feteleza wa kumudzi, sapita ku sitolo za anthu olemera. Choncho mawu anga musawatenge ngati a mdani.

Kalatayi ndailemba m'Chichewa chifukwa nkhani yolemera ndimailingalira m'chiyankhulo chomwe ndinayamwira. Mwana wanga wamkazi walonjeza kuti aimasulira m'Chingerezi kuti ikufikeni, koma ndikufunanso kuti abale anga a ku Malawi omwe ali ku South Bend, ku Indianapolis ndi kwina ayambe ndiwo kuiwerenga, chifukwa ambiri a ife timalowa m'sitolo zanu ndi ana athu, n'kumadutsa pa kauntala ya mfuti titayang'ana kumbali ngati tikudutsa pamanda. Dzina la kampani yanu sinditchula, ngakhale tauni yomwe kuli sitolo ndikunenayi. Ndikuopa kuti mungafufuze mnyamata yemwe ndimutchule m'munsimu n'kumuchotsa ntchito, pomwe iye alibe mlandu.

Mfuti sindidana nayo. Agogo anga aamuna anali ndi gogodela, ija yothira wonga kukamwa n'kutsinda ndi kachitsulo. Inkakhala kutsindwi, yokulungidwa m'chiguduli, ndipo mwana aliyense pamudzi ankadziwa kuti kuikhudza kokha ndi mlandu woitanira amalume. Anyani ndi nguluwe zikavuta m'munda, agogo ankaitsitsa okha, kuipukuta okha, ndipo pobwera ankaibwezera okha. Nditafika kuno, mnzanga wa kuntchito, mzungu wobadwira konkuno, ananditengera kuuzimba. Agwape akuno ndi aakulu kuposa mbawala zakwathu, ndipo mmodzi yekha amadzaza firiji, banja n'kudya ndiwo mpaka chisanu chitatha. Kwa zaka zingapo ndinkabwereka mfuti yake. Kenako ndinaona kuti kubwereka kwakwana, ndigule yanga. Ndinachita maphunziro a alenje omwe boma la Indiana limakonza, ndinadula laisensi yosakira, ndipo Loweruka lina koyambirira kwa Novembala, patatsala sabata ziwiri kuti nyengo yosaka agwape ndi mfuti itsegulidwe, ndinalowa m'sitolo yanu.

Kauntala ya mfuti ili kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matenti ndi mipando ya kunyanja. Nditafikapo panalibe munthu. Panali kabelu kolembedwa kuti ukafuna thandizo ukaimbe. Ndinakaimba. Ndinadikira mphindi makumi awiri, ndikuwerenga mitengo pa mapepala achikasu omwe munamata pa mfuti iliyonse, mtengo wakale mutaudula ndi mzere wofiira, monga momwe mumachitira pa masokosi. Pamene mnyamata wa makiyi ankatulukira, tinali titakwana anthu asanu pamzere. Anabwera akuthamanga kuchokera kunsapato, m'khwapa atapanira bokosi la nsapato za mwana, wailesi ya m'chiuno ikumuitana kuti pa tilo yachitatu pakufunika thandizo. Msinkhu wake sunasiyane kwenikweni ndi wa mwana wanga woyamba. Anapepesa mwaulemu, anaika bokosi lija pansi, n'kufunsa kuti woyamba ndani.

Ndinapatsa mpata bambo ndi mayi omwe anali pambuyo panga, chifukwa ine ndinali ndisanasankhe pakati pa mfuti ziwiri. Zomwe ndinaona ndikuziona mpaka lero. Bamboyo ndi amene analoza pisito yomwe ankaifuna m'galasi. Ndi iye amene anaigwira, kuitembenuza, kuiyeza m'dzanja, kufunsa kuti imalowa zipolopolo zingati. Mayiyo sanaikhudze ngakhale ndi chala. Ankangoyang'ana foni. Itafika nthawi ya fomu, bamboyo anabwerera m'mbuyo pang'ono, mayiyo ndiye anatulutsa chiphaso chake n'kuyamba kulemba. Atafika pa mafunso a inde kapena ayi, anatembenuka kumuyang'ana bamboyo, iye n'kugwedeza mutu. Pokalipira, ndalama zinatuluka m'thumba la bamboyo, zopindapinda, n'kudutsira m'manja mwa mayiyo. Mnyamata wanu anaona zonsezi. Ndinamuona akumeza mate, akuponya maso ku ofesi ya manijala komwe chitseko chinali chotseka. Wailesi ija inaitananso. Analowetsa zonse mu kompyuta, yankho linabwera lakuti apitirize, ndipo pisito inatuluka m'sitolo yanu ili m'pepala la pulasitiki lokhala ndi chizindikiro chanu.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine chomwe chinachitika pamenepo. Pa fomu ya boma ija, ya nambala 4473, funso loyamba pa mafunso a inde kapena ayi limafunsa ngati wolembayo ndiye mwini wake weniweni wogula mfutiyo. Kugulira munthu mphatso ndi ndalama zako n'kololedwa. Koma kubwereketsa dzina lako kwa munthu wina, iye napereka ndalama, ndi mlandu waukulu. Khoti lalikulu la dziko lino linatsimikiza zimenezi mu 2014 pa mlandu wa Abramski, yemwe anagulira mfuti amalume ake, ngakhale kuti amalumewo analibe choletsa chilichonse. Lamulo la mu 2022 linawonjezera chilango mpaka kufika zaka 15 m'ndende. Pa khoma la kuseri kwa kauntala yanu pali ngakhale chikwangwani cha kampeni ya ogulitsa mfuti yochenjeza anthu kuti asanamire anzawo pa fomu. Chikwangwanicho ndinachiwerenga ndili pamzere, theka lake litabisika ndi katoni ya magolovesi. Koma chikwangwani sichikana kugulitsa. Amakana ndi munthu, ndipo munthu amene munamuika pamenepo anali ndi makasitomala ena akumudikira, tilo ikumuitana, bwana atadzitsekera, ndi bambo wamtali kumuposa ataimirira patsogolo pake.

Itafika nthawi yanga ndinamufunsa motsitsa mawu ngati anaona zomwe ine ndinaona. Sanakane. Anandiuza kuti maphunziro ake a pa kauntala imeneyi anali kanema wa pa kompyuta ndi masiku awiri oimirira pambali pa mnzake, yemwenso anasiya ntchito mwezi wotsatira. Anati malipiro ake pa ola ndi omwewo a mnzake wopinda majezi. Anati anauzidwa kuti ali ndi ufulu wokana kugulitsa, koma palibe anamuonetsapo mmene munthu amakanira, mawu ake ndi ati, ndipo kasitomala akayamba kukalipa ndani adzatuluke kudzaima naye. Ndinamumvetsa. Ku ntchito kwanga nanenso ndinauzidwapo kuti ndili ndi ufulu wokana kunyamula wodwala ndekha, koma usiku ukakhala wekha pa odwala khumi ndi asanu, ufuluwo umakhala wa papepala.

Nayi mfundo yanga, akuluakulu. Kutchipa kwanu sikuchokera kumwamba. Mumatchipa chifukwa mumagula katundu wambiri nthawi imodzi, mumachita lendi malo osadula, ndipo koposa zonse mumalemba antchito ochepa, aliyense n'kumagwira zigawo zitatu. Pa nsapato njira imeneyi ilibe vuto. Wogulitsa akalakwitsa saizi, ndimabwerera mawa n'kusintha. Koma inu mwatenga njira yomweyo n'kuiika pa kauntala yomwe cholakwa chake sichibwezedwa ndi risiti. Madzi akatayika saoleka. Ku sitolo zazing'ono za mfuti zokhazokha, mwini wake nthawi zambiri amakhala mkulu wa imvi amene wagulitsa mfuti zaka makumi atatu, amene laisensi ili m'dzina lake, ndipo amadziwa kumuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti lero ayi. Mfuti yomweyo kwa iye imadula ndi madola makumi angapo kuposa kwa inu. Kusiyana kwa mtengoko ndi malipiro a maso aja, ndipo inu munawachotsa pa bajeti.

Mwina muyankha kuti kompyuta ya boma inavomera, ndiye mlandu wanu uli pati. Makina ofufuzira mbiri ya ogula aja, omwe a FBI akhala akuyendetsa kuyambira mu Novembala 1998 potsatira lamulo la Brady la mu 1993, amafufuza dzina lomwe lalembedwa pa fomu basi. Saona yemwe waima kumbuyo. Ngakhale pa dzina lolembedwalo, amadziwa zokhazo zomwe anauzidwa. Munthu amene anapha anthu 26 m'tchalitchi cha Baptist ku Sutherland Springs, ku Texas, pa 5 Novembala 2017, anagula mfuti yake mu sitolo ya zamasewera ya Academy ku San Antonio, ndipo kompyuta inamuvomera chifukwa asilikali a m'mlengalenga, omwe iye anali mmodzi wa iwo kale, sanatumize mbiri ya mlandu wake wozunza mkazi ndi mwana. Abale a ophedwawo atasumira sitoloyo, khoti lalikulu la ku Texas linagamula mu 2021 kuti lamulo la mu 2005 loteteza opanga ndi ogulitsa mfuti likuitchinjiriza. Ndiye kuti m'khoti ndinu otetezedwa kwambiri. N'chifukwa chake ndikulembera inu osati maloya anu, pakuti chotsala chomwe chingakukakamizeni ndi chikumbumtima chanu.

Palinso khomo lina lomwe lamulo linasiya lotsegula. Kompyuta ikayankha kuti dikirani, ndipo padutsa masiku atatu ogwira ntchito popanda yankho lomaliza, wogulitsa amaloledwa kupereka mfutiyo. Amaloledwa, sakakamizidwa. Mnyamata amene anapha anthu asanu ndi anayi pa phunziro la Baibulo m'tchalitchi cha Emanuel ku Charleston mu Juni 2015 anapeza pisito yake kudzera pa khomo limeneli. Kampani ya sitolo zikuluzikulu ya Walmart inasankha kalekale kuti siipereka mfuti yankho lisanabwere, kaya padutse masiku angati. Mnyamata wanu nditamufunsa kuti kwa inu zimakhala bwanji, anati akafunse manijala. Chinthu ngati chimenechi chimayenera kukhala pamlomo pa aliyense wogwira makiyi aja, ndipo yankho lake liyenera kukhala limodzi m'sitolo zanu zonse.

Sindikupemphani zinthu zomwe anzanu sanachitepo. Ana ndi aphunzitsi 17 ataphedwa pa sukulu ya ku Parkland, ku Florida, pa 14 Febuluwale 2018, mkulu wa sitolo za zamasewera za Dick's Sporting Goods, a Ed Stack, anapeza kuti wakuphayo anagulapo mfuti ina m'sitolo yawo miyezi ingapo m'mbuyomo. Sinali yomwe anaphera anthu, koma a Stack sanabisale kuseri kwa mfundo imeneyo. Patatha sabata ziwiri analengeza kuti asiya kugulitsa mfuti zofanana ndi za nkhondo, ndiponso kuti sagulitsanso mfuti kwa munthu wosakwana zaka 21, ngakhale lamulo la mu 1968 limalola wa zaka 18 kugula mfuti zazitali. Zomwe zinatsala m'nkhokwe, za ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni, anaziphwanya m'malo mozibweza kwa opanga. Anthu ena anakwiya, ena anawanyanyala, koma kampaniyo ilipo mpaka lero. Walmart nayo, anthu 23 atafa pa chiwembu cha m'sitolo yake ku El Paso mu Ogasiti 2019, inasiya kugulitsa zipolopolo za pisito ndi za mfuti zofanana ndi za nkhondo. Kaya iwo anachita bwino pa zonse kapena ayi, alenje anzanga amatsutsana mpaka pano tikakhala pamoto. Chomwe ine ndikutolapo n'chakuti akuluakulu a sitolo ali ndi mphamvu yoika malire awoawo, osadikira aphungu a ku Washington.

Ndipo inu eni munationetsa kuti mumatha. Mu 2020, matenda a Covid atabuka, anthu anakhamukira kogula mfuti ndi zipolopolo mpaka mashelefu anayera. Nthawi imeneyo zipolopolo munazichotsa poyera n'kuziika kuseri kwa kauntala, munalemba kuti munthu mmodzi mabokosi awiri okha, ndipo munaika munthu woti aziwerenga. Katundu atachuluka, zonse zinabwerera mwakale. Lero mabokosi a zipolopolo ali pa shelefu yofika m'chiuno, moyang'anizana ndi mipira ya gofu. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anabwera kwa ine atanyamula bokosi la zipolopolo za .22 akuligwedeza kukhutu, akuti adadi tamverani likulira ngati maseche. Ku California munthu amafufuzidwa ngakhale pogula zipolopolo kuyambira mu 2019, ndipo nkhani imeneyo yakhala ikukokanakokana m'makhoti. Ine sindikufika kumeneko. Ndikungoti zibwezereni kuseri kwa kauntala, komwe wofuna azichita kupempha kwa munthu. Munatha kutero poteteza katundu wanu kuti asathe msanga.

Tsopano ndifike pomwe pamandisowetsa tulo, chifukwa nkhani za m'matchalitchi ndi m'masukulu, ngakhale ndi zomwe zimadzaza wailesi, si zomwe zimapha anthu ambiri. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dziko lino, malinga ndi bungwe la boma loona za matenda la CDC. Mwa iwo, oposa 26,000 anadzipha okha. Oposa theka. Munthu akayesa kudzipha ndi mfuti, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse sapulumuka, pomwe njira zina zambiri zimasiya mpata woti wina amupeze, amuthamangitsire kuchipatala, mawa lake aganize zina. Ndipo maganizo oterewa nthawi zambiri amabwera ngati chimvula cha masana, chowopsa koma chosakhalitsa. Kafukufuku wa ku California yemwe anatuluka mu 1999 anapeza kuti m'sabata yoyamba munthu atagula pisito, chiwerengero cha odzipha ndi mfuti pakati pa ogulawo chinali chokwera maulendo 57 kuposa cha anthu ena onse. Kuno ku Indiana kulibe masiku odikira ngati ku California komwe amadikira masiku khumi. Munthu amene banja lake latha m'mawa atha kulowa m'sitolo yanu masana n'kutuluka ndi mfuti dzuwa lisanalowe. Pakati pa iye ndi manda pamakhala munthu mmodzi yekha, ndiye mnyamata wa bokosi la nsapato uja.

Ku New Hampshire, mu 2009, anthu atatu osadziwana anagula mfuti mu sitolo imodzi pasanathe sabata, ndipo aliyense anadzipha patangopita maola ochepa. Mwini sitoloyo, a Ralph Demicco, atamva, sananene kuti mapepala anali bwino ndiye nkhani yatha. Anakhala pansi ndi anthu a zaumoyo, ndipo pamodzi anayambitsa ntchito yophunzitsa ogulitsa mfuti kuzindikira kasitomala amene ali pamavuto. Ntchitoyo inafalikira m'zigawo zambiri za dziko lino. Zizindikiro zake si zamatsenga. Ndi munthu wosadziwa kalikonse za mfuti komanso wosafuna kuphunzira, amene sasamala kuti ndi iti bola yotchipa, amene safunsa za kuipukuta kapena kuisunga, amene akufuna zipolopolo zochepetsetsa, maso ali pansi, mwina akutchula za chisudzulo kapena ntchito yotha. Ife osamalira odwala timaphunzitsidwa kufunsa mosapita m'mbali, kuti bambo, kodi mukuganiza zodzipha? Funsoli silimuika munthu maganizo amene analibe. Nthawi zambiri limamumasula. Wogulitsa wanu sayenera kukhala dokotala, koma atha kuphunzitsidwa kuchedwetsa malonda, kucheza naye pang'ono, kumuuza kuti abwerenso mawa, ndi kumupatsa kakhadi ka nambala ya 988, yomwe yakhala ikuyankha anthu otere usana ndi usiku kuyambira mu Julayi 2022. Pa kauntala yanu ndinapezapo makadi ofunsira ngongole ya m'sitolo ndi maswiti a timbewu. Ka 988 sindinakaone, ngakhale kuti bungwe la ogulitsa mfuti lomwe, la NSSF, linagwirizana ndi bungwe lolimbana ndi kudzipha mu 2016 ndipo mapepala otere analemba kale.

Za kasungidwe ndinena mwachidule. Lamulo limakukakamizani kupereka loko pogulitsa pisito, ndipo mfuti yanga yaitali inabweranso ndi kaloko ka chingwe m'katoni. Palibe anandionetsa mmene kamalowera. Ndinachita kuphunzira kwa mnzanga uja. Mabokosi achitsulo osungiramo mfuti muli nawo, koma ali kutali, pafupi ndi zitsulo zonyamula ochita masewera olimbitsa thupi, ndipo sindinawaonepo pa pepala lanu la zotsika mtengo. Pa pepala la Black Friday, tsiku lija lotsitsa mitengo, mfuti imakhala patsamba loyamba, pambali pa njinga za ana, ndi mawu akuti fulumirani zatsala zochepa. Kufulumiza munthu pogula mfuti n'kumuchotsa chinthu chokhacho chomwe akufunika kukhala nacho, kudekha. Tsitsani mtengo wa bokosi lachitsulo, muliike pafupi ndi kauntala, wogulitsa azifunsa aliyense ngati kunyumba kuli ana. Kuyambira mu 2020 mfuti ndiyo ikutsogola pa zinthu zopha ana ndi achinyamata a zaka zoyambira 1 mpaka 19 m'dziko lino, kuposa ngozi za galimoto. Agogo anga, amene sanapite ku sukulu, anadziwa kuti malo a mfuti ndi kutsindwi.

Pali china chomwe chimakhudza ife obwera. Nditatulutsa green card yanga, chiphaso cholola mlendo kukhazikika m'dziko lino, mnyamata uja anaitembenuza kawiri n'kunena kuti sakudziwa ngati amaloledwa kundigulitsa. Anakagogoda kwa manijala, yemwe pa nkhani yanga yokha anatuluka. Lamulo limalola munthu wa green card kugula, bola alembe nambala yake ya ku imigireshoni pa fomu. Koma wa viza ya sukulu kapena yodzacheza ndi woletsedwa, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira. Fomu yomweyo imafunsanso za chamba, ndipo imachenjeza kuti kwa boma lalikulu chamba n'choletsedwabe ngakhale chigawo chako chitavomereza. Kuchoka pano kukafika ku Michigan, komwe anachivomereza mu 2018, ndi ulendo wa mphindi zochepa pa galimoto. Mwana wa sukulu wochokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka atha kuyankha funso limodzi molakwika, kaya mwa umbuli kaya pofuna kufulumira, n'kupezeka ndi mlandu womwe kwa mbadwa ndi ndende, koma kwa iye ndi ndende kenako ndege yobwerera kwawo. Wogulitsa wodziwa ntchito akanamuimitsa n'kumufotokozera asanasaine. Abale anga amene mukuwerenga, apa ndiye safunsa anadya phula. Ndipo mnzanu kapena chibwenzi chanu akakupemphani kuti mumulembere fomu chifukwa iye mapepala ake ali ndi vuto, dziwani kuti mfutiyo ikadzapezeka pamalo a chiwembu ku Gary kapena ku Chicago, apolisi adzatsata nambala yake mpaka pa dzina lanu.

Ndaona kuti m'malipoti anu mumakonda kunena kuti mumatsatira malamulo onse a boma lalikulu ndi a chigawo. Sindikutsutsa. Koma malamulo a Indiana ndi opepuka, ndipo akupepukirabe. Kuyambira pa 1 Julayi 2022 munthu wamkulu wopanda choletsa safunikanso chilolezo kuti ayende ndi pisito. Lamulo lolola apolisi kulanda mfuti kwa munthu wooneka kuti ndi woopsa lilipo kuyambira mu 2005, koma mnyamata amene anapha anthu asanu ndi atatu pa malo a FedEx ku Indianapolis mu Epulo 2021 anali atalandidwa mfuti chaka cham'mbuyo, mayi ake atadandaula kwa apolisi, ndipo patangopita miyezi ingapo anagula zina ziwiri movomerezeka. Kumene ndinachokera, kuti munthu akhale ndi mfuti amayenda kupolisi mpaka nsapato kutha, ndipo sindinganame kuti njira imeneyo ilibe zovuta zake. Dziko lino linasankha njira ina kuyambira mu 1791, pomwe linalemba ufulu wokhala ndi mfuti m'malamulo ake aakulu, ndipo ine monga mlendo ndimailemekeza. Kungoti pamene boma labwerera m'mbuyo, katundu yense amagwera wogulitsa. Kwathu timati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye mundilole ndimete pomwe eni mudzi mwazolowera kupaona.

Chomwe ndikupempha chachikulu ndi munthu. Pa kauntala ya mfuti pakhale wantchito wake wa pomwepo, wachikulire m'maganizo, wophunzitsidwa ndi anthu osati ndi kanema yekha, wolipidwa moposa wa kunsapato chifukwa katundu amene wasenza ndi woposa. Asamaitanidwe ku tilo fomu ili pakati. Akakana kugulitsa, manijala atuluke aime pambali pake, ndipo kukanako kusalowe m'buku ngati malonda otayika. Ngati pa maola ena mulibe munthu wotere, tsekani kauntalayo n'kulemba nthawi yomwe itsegulidwe. Mlenje weniweni adzabweranso, ine ndikanabweranso. Wothamanga amene sangadikire mpaka mawa ndi yemweyo amene simuyenera kumugulitsa. Mukawerengetsa ndalama zake n'kupeza kuti phindu la mfuti silingalipire munthu mmodzi wotere pa sitolo iliyonse, ndiye kuti malonda amenewa si anu, asiyireni amene angawakwanitse, inu mupitirize ndi matenti ndi mipira.

Mfuti yanga ndinagula tsiku lomwelo, shotgun ya madola osapitirira mazana atatu, ndipo yandiphera agwape anayi. Imakhala m'bokosi lachitsulo lomwe ndinakagula kwina, makiyi ake ali pa mkanda wanga, zipolopolo zili kwina. Mnyamata uja sindinamuonenso. Nditafunsa miyezi ingapo pambuyo pake, anandiuza kuti anapeza ntchito ku fakitale ya makalavani ku Elkhart. Pa kauntala pali mtsikana wina tsopano, ndipo kabelu kaja kakadali pomwepo. Loweruka likubwerali ndibwera kudzagula zotchinjiriza miyendo za mwana wanga wamng'ono, amene wayamba kusewera kumbuyo mu timu ya sukulu. Ndidzadutsa cha kumapeto kuja, kuseri kwa matenti, ndidzaimba kabeluko, ndipo ndidzayang'ana wotchi.

Ine kasitomala wanu,
Bambo wa ana atatu, kumpoto kwa Indiana